Maphunziro a Tizirombo ndi Madimba a m'Mzinda wa Harare

M'malokesheni a Harare monga Mbare, Glen View, Budiriro ndi Mufakose, mabanja ambiri amalima repu, tomato ndi ndiwo zina m'mphepete mwa mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba. Mitsinjeyi imalandira zonyansa zochokera m'mapaipi a zimbudzi ophulika, ndipo madzi ake amakathera m'nyanja ya Chivero, momwe mzindawo umatunga madzi akumwa. N'chifukwa chake mlangizi wa zaulimi ayenera kudziwa zina mwa zomwe zimaphunzitsidwa m'sukulu za ukachenjede zokhudza tizirombo ta anthu ndi ziweto.

Pa University of Zimbabwe, ophunzira udokotala wa anthu ndi wa ziweto amaphunzira phunziroli. Maphunziro a ziweto otere alinso ku LUANAR m'Malawi, ku University of Zambia ndi ku Universidade Eduardo Mondlane ku Mozambique. Mutu wa phunziroli ndi umodzi: kutsata ulendo wa kachirombo kuchokera m'thupi limodzi kufikira m'thupi lina, kuti tidziwe pomwe tingadule ulendowo.

Chitsanzo choyamba ndi njoka ya m'mimba yotchedwa Ascaris. Yaikazi imaikira mazira pafupifupi 200,000 pa tsiku. Mazirawo amatuluka ndi chimbudzi, amakhwima m'nthaka patapita masabata awiri kapena atatu, ndipo angathe kukhala amoyo zaka zingapo. Akamatirira pa masamba odyedwa osaphika, amabwerera m'mimba mwa munthu.

Chachiwiri ndi njoka yaitali yaphanthi, Taenia saginata. Ng'ombe imameza mazira ake pamodzi ndi msipu wothiriridwa ndi madzi a zimbudzi, ndipo m'nyama yake mumamera timatuza. Munthu akadya nyamayo yosapsa bwino, njokayo imakula m'matumbo mwake kufika mamita angapo. Mnzake wa njokayi, Taenia solium, ndiye amabweretsa masese m'nkhumba, ndipo mazira ake akalowa mwa munthu angathe kukafika ku ubongo ndi kuyambitsa khunyu.

Chachitatu ndi kolera, yomwe imayamba ndi bakiteriya. Mliri wa mu 2008 ndi 2009 unadwalitsa anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe ndi kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro anali amodzi mwa malo okhudzidwa kwambiri. Mu September 2018 matendawa anabukanso ku Glen View ndi Budiriro.

Kusiyana kwa tizirombozi n'kofunika pa ntchito yathu. Kuleka kuthirira masiku angapo tisanakolole kumachepetsa mabakiteriya chifukwa dzuwa ndi kuuma zimawapha, koma mazira a njoka ali ndi chikhungwa cholimba ndipo safa msanga chotero. Mu 1989 bungwe la WHO linalangiza kuti madzi othirira ndiwo zodyedwa zosaphika asapitirire dzira limodzi la njoka pa lita. Mlimi wa pa dimba alibe chida choyezera zimenezi, choncho chitetezo chake chili pa njira zingapo zogwira ntchito pamodzi.

Alangizi anzathu, tiwauze alimi athire madzi pa tsinde osati pa masamba. Pomwe madzi ali okayikitsa, abzale mbewu zophika, osati letesi. Ndiwo azitsuke ndi madzi abwino zisanapite ku msika wa Mbare, avale nsapato m'dimba, asambe m'manja ndi sopo, ndiponso aphike nyama mpaka ipse. Nkhumba zikhale m'khola, ndipo banja lililonse likhale ndi chimbudzi. Chimbudzi cha Blair, chokhala ndi paipi yotulutsa mpweya ndi kukola ntchentche, chinapangidwa ndi Peter Morgan m'zaka za m'ma 1970 pa Blair Research Laboratory mu Harare momwemo.

Kuletsa madimba sikungatheke, pakuti ndiwo amadyetsa mabanja. Chotheka ndi chakuti mlangizi wa mbewu, wa ziweto ndi wa zaumoyo aziyendera dimba limodzi ndi kupereka uthenga umodzi. Mukaona masese m'nyama kapena matenda otsegula m'mimba akuchuluka m'dera lanu, dziwitsani a zaumoyo ndi a ziweto tsiku lomwelo.