Aphunzitsi a Makalasi Oyamba: Ntchito Imene Ambiri Amaizemba

Chaka cha maphunziro chikamayandikira kuyamba mu Seputembala, pasukulu ya pulayimale iliyonse pamakhala ntchito yogawana makalasi. Sitandade 8 sisowa mwini. Kumeneko n'kumene kuli mayeso a MANEB, ndipo ana akasankhidwa ambiri kupita ku sekondale, dzina la mphunzitsi limatchuka mpaka kumsika. Koma ahedi akafika pa Sitandade 1 ndi 2, m'chipindamo mumangoti zii, aliyense maso ali pansi. Mapeto ake kalasiyo imagwera mayi, poti amati amayi ndiwo amatha ana, kapena imagwera mphunzitsi wongofika kumene amene sangayerekeze kukana. Chonsecho mwa makalasi onse 8, awiri amenewa ndiwo amafuna luso lalikulu.

Mwana wa zaka 6 amabwera kusukulu ndi zochepa. Wamwayi anadutsako ku mkombaphala, koma ambiri a kumudzi pensulo amaikhudza koyamba tsiku lomwelo, ndipo amaigwira ngati mpini wa khasu. Masabata oyamba mphunzitsi za kuwerenga saziyamba n'komwe. Amaphunzitsa kumene kuli chimbudzi, kupempha usanatuluke, kukhala pansi osatsinana, ndi kuyankha dzina likaitanidwa m'rejisitala, pakuti ena kwawo amawaitana dzina lina, la m'bukulo salidziwa. Alipo olira, alipo othamangira kwawo belu la buleki likangolira poyesa kuti aweruka, alipo odzinyowetsa. N'chifukwa chake madamu a Sitandade 1 sasowa chitenje chapadera m'chikwama. Kale msinkhu ankayeza pouza mwana kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Mwambo umenewo unazilala, komabe m'kalasi imodzi mumapezekabe wa zaka 5 amene wangotsatira mkulu wake, ndi wa zaka 10 amene akubwereza.

Ndiye pali kuchuluka kwa anawo. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'masukulu ambiri Sitandade 1 imapitirira ana 100, ena m'chipinda chopanda madesiki, ena pansi pa mtengo wa mango, pamene mvula ikangodontha sukulu yathera pomwepo. Vutoli lili ndi chiyambi chake. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kunali koyenera kuti ana aumphawi alowe sukulu, koma aphunzitsi ndi zipinda zinali zosakwana. Boma linalemba anthu pafupifupi 20,000 amene sanapondeko ku koleji, n'kuwapatsa choko atangowasula masabata ochepa. Ambiri mwa iwo anadzamaliza maphunziro ali kale pantchito, kudzera mu pulogalamu ya MIITEP imene inayamba mu 1997.

Lero wofuna uphunzitsi wa pulayimale amafunika satifiketi ya MSCE, kenako zaka ziwiri za IPTE, nthawi ina ali ku koleji, nthawi ina ali pasukulu akuphunzitsa moyang'aniridwa. Makoleji a boma ali ku Lilongwe, Blantyre, Kasungu, Karonga, Machinga, Phalombe, Chiradzulu ndi kwina. Palinso a mipingo ndi mabungwe, monga St Joseph's ku Bembeke m'boma la Dedza, kumene kumaphunzira amayi, ndi a DAPP ku Chilangoma ndi ku Amalika. Ofuna kuphunzitsa ana osaona, osamva kapena ovutika kugwira maphunziro amakawonjezera ku Montfort, ku Nguludi. Kupatula amenewa, wotuluka ku IPTE amayembekezeka kuphunzitsa kalasi iliyonse ndi phunziro lililonse. Luso lenileni la ana aang'ono amakalitola pantchito, poonera amayi achikulire amene akhala nawo anawa zaka zambirimbiri. Ndipo akamaliza koleji ntchito sibwera msanga: magulu angapo a IPTE akhala akudikira zaka kuti boma liwalembe, ena n'kumagwira ngati aphunzitsi othandizira pa malipiro ochepa.

Kuti muone pamene pagona luso, khalani kumbuyo kwa kalasi nthawi ya Chichewa. Kuyambira mu 2016 masukulu a boma amatsata pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga, ya NRP, ndipo mabuku ake analembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Ndondomeko yake ndi yosavuta kuimva: mphunzitsi amayamba yekha, kenako amachita pamodzi ndi ana, kenako ana paokha. Tinene kuti lero ndi lembo la m. Madamu amatchula liwu lake milomo ili chitsekere, ana amatsanzira. Amalilemba pabolodi, ana amalilemba m'malere ndi chala, kenako pansi pafumbi, pomaliza m'kope. Likatero amaliphatikiza: m ndi a, ma, m ndi e, me, ma ndi me, mame. Mwana akazindikira kuti timizere tiwiri tija tikunena mame omwe anamunyowetsa mapazi m'mawa, nkhope yake imasintha, ndipo ameneyo wayamba kuwerenga.

Koma apa pali msampha umene mphunzitsi wongoyamba amagwamo. Ana 100 akakuwa pamodzi kuti "ma!", denga la malata limachita kunjenjemera, iwe n'kumati zalowa. Zoona zake n'zakuti akuyang'ana pabolodi ndi a kutsogolo okha. Enawo akungotsatira phokoso. Mphunzitsi wodziwa ntchito sakhulupirira kwaya. Amasiya bolodi, amadutsa pakati pa miyendo ya ana kukafika kukhoma lakumbuyo, amaloza lembo pakapepala n'kufunsa mmodzi payekha. Amadziwa amene samva bwino khutu limodzi, amene amatsinzina poyang'ana pabolodi, amene wagona ndi njala. Buku la mphunzitsi limathandiza, makamaka kwa atsopano, koma linalembedwa ngati kuti mwana aliyense ali ndi buku lake ndipo mphunzitsi angathe kumumvetsera aliyense. Nthawi yochonga ikakwana, mzere wa makope umatuluka mpaka pakhomo.

Kwina chinenero chimawonjezera katundu. Mwana wa ku Mangochi amabwera ndi Chiyao, wa ku Nsanje ndi Chisena, wa ku Rumphi ndi Chitumbuka, pamene buku lili m'Chichewa. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, koma aliyense amene analowapo mu Sitandade 1 ya kumudzi akudziwa kuti mphunzitsi amalankhula chimene mwana angamve.

Liwu limene mphunzitsi aliyense wa pulayimale amalidziwa ndi TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Mukalowa m'nyumba ya madamu a kalasi yoyamba mupeza thumba la zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu, mitolo ya timitengo tomangidwa khumikhumi, njere za bwemba, ndi makatoni opempha kugolosale amene amadulapo zilembo usiku, atamaliza kulemba sikimu ndi lesoni pulani. Guluu akasowa amaphika phala la ufa wa chinangwa n'kumatira. Pepala lalikulu ndi zolembera zake nthawi zambiri zimachoka m'thumba mwake. Ndipo ngati kalasi ilibe chitseko, zonse zimene wapachika m'mawa ayenera kuzitsitsa poweruka, apo ayi mawa apeza mbuzi zadya theka la alifabeti.

Phunziro la zaluso, la Expressive Arts, limene linabwera ndi silabasi yatsopano ya 2007 n'kuphatikiza kuimba, kuvina, kujambula, kuumba, zisudzo ndi masewera olimbitsa thupi, ndi pamene mphunzitsi wotere amaonekera. Ana amawatuma dongo kudambo dzulo lake. M'mawa amawakhazika pabwalo m'magulu, aliyense ndi chibulumwa chake. Atsikana amaumba miphika ndi mitondo, anyamata ng'ombe ndi magalimoto, ndipo masiku ano sipalephera wina woumba foni, mabatani ake n'kuchita kuboola ndi kamtengo. Utoto amapanga ndi makala, katondo ndi masamba osinja. Chitini cha mkaka chikalowa timiyala chasanduka maseche, mapepala apulasitiki akakulungidwa ndi luzi wapezeka mpira. Zala zimene zazolowera kukanya dongo sizivutika kugwira pensulo, ndipo mwana wamanyazi amene sanakwezepo dzanja nthawi ya masamu mungadabwe atatsogolera gule.

Chondikhumudwitsa n'chakuti phunziro limeneli ndi limene limayamba kutayidwa. Mphunzitsi akatopa, kapena akatsalira m'mbuyo pa Chingerezi, nthawi ya zaluso imasanduka ya "pitani mukasewere panja", mwinanso yosesa pabwalo ndi kututa njerwa. Sindimuweruza kwambiri munthu amene wakuwa kuyambira 7 koloko. Koma ana aang'ono amaphunzira ndi manja ndi miyendo, ndipo sukulu imene yawachotsera zimenezi yawasiyira kuloweza kokhakokha.

Za maulendo ndiye zimasiyanitsa masukulu poyera. A m'tauni, makamaka omwe si a boma, amachita hayala basi. A ku Blantyre amapita ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri. A ku Lilongwe amapita ku Lilongwe Wildlife Centre, kumanda a Kamuzu, kunyumba ya malamulo kapena kubwalo la ndege ku Lumbadzi. Kumpoto ana amakaona Malawisaurus, chinyama chakalekale, ku myuziyamu ya ku Karonga. Ku Dedza kuli zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, komanso Kungoni ku Mua. Kwa ana limakhala tsiku lachisangalalo. Kwa mphunzitsi ndi tsiku lowerenga mitu. Amayamba kale ndi makalata opita kwa makolo ndi chilolezo cha akuluakulu a maphunziro, kenako kutolera ndalama zimene zimabwera pang'onopang'ono. Patsikulo amawerenga ana pokwera, potsika, potuluka kuchimbudzi, pokweranso. Wina asanza m'basi, wina ataya nsapato. Ndipo chimamupweteka kwambiri ndi ana amene makolo awo alephera kusonkha, amene amaima pampanda kuonerera basi ikunyamuka.

Sukulu ya kumudzi basi singaikwanitse, koma sikuti ilibe kopita. Aphunzitsi ena amandandalika ana awiriawiri n'kuyenda nawo wapansi kupita kuchigayo, kumsika, kwa kalipentala, kwa telala, kudimba, kuchipatala chaching'ono kapena kubwalo la amfumu. Ulendo wotere ukakonzedwa bwino suchepa mphamvu. Chofunika n'chakuti mphunzitsi akapemphe kaye kwa mwini malo, awapatse ana mafunso asananyamuke, ndipo pobwera awauze ajambule ndi kufotokoza zimene aona. Mwana amene waona kalipentala akuyeza thabwa ndi tepi savutika kumva chifukwa chake manambala amayenda motsatana. Popanda kukonzekera kotere, ngakhale ulendo wa ku Liwonde National Park umangothera pa kudya mabisiketi.

Pali ntchito zinanso zosalembedwa m'kalata yolembedwera ntchito. Kumene kuli phala la kusukulu, monga la bungwe la Mary's Meals limene linayamba kudyetsa ana m'Malawi mu 2002, amayi odzipereka ndiwo amaphika, koma woimika mzere wa makapu ndi mphunzitsi. Mwana akajomba sabata yathunthu, ndi iye amene amatuma uthenga kwa a Mother Group kuti akamuone. M'masukulu amene afikiridwa ndi matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, imene inayamba mu 2023, ndi iyenso wogawa, woyang'anira ndi wotolera. A PEA, alangizi oyendera masukulu, akabwera kuchokera ku ofesi yawo ya TDC amafuna kuona sikimu, rejisitala ndi mabuku a mmene mwana aliyense akukhozera. Malipiro a mphunzitsiyo ndi a Giredi L, imene akale amaitchabe PT4, ndipo ambiri amakhala pomwepo zaka zambiri osakwezedwa. Nyumba za aphunzitsi n'zosakwana, kandalama kowonjezera ka akumudzi kamathera pa kabaza wopita kuboma kukatapa malipiro, mwezi usanafike pakati ena ali kale kwa akatapila.

Ndiye mphunzitsi waluso akafuna kutukuka amatani? Njira zimene zilipo zonse zimamutulutsa m'kalasi ya ana aang'ono. Akhale hedi, akhale PEA, kapena akachite dipuloma ku Domasi College of Education n'kusamukira ku sekondale. Palibe njira yoti munthu akwere giredi ndi malipiro chifukwa chakuti ndi katswiri wa Sitandade 1 ndipo akufuna kukhalabe komweko. Unduna wa Zamaphunziro ndi bungwe la aphunzitsi la TUM akamakambirana zokweza aphunzitsi, aikepo nkhani imeneyi: mphunzitsi amene ana ake amatuluka mu Sitandade 2 akuwerenga azikwezedwa ali m'kalasi momwemo.