Mwana Akaleka Kumva ndi Kulankhula: Kodi Ndi Khunyu?

Kodi matenda a khunyu angamulande mwana mawu?

Inde. Mu 1957, William Landau ndi Frank Kleffner a ku St. Louis, ku America, anafotokoza za ana 6 amene ankalankhula bwinobwino kenako mawu n'kuwathawa. Matendawa, otchedwa Landau-Kleffner, ndi osowa, ndipo kawirikawiri amayamba mwana ali ndi zaka 3 mpaka 7.

Amayamba bwanji?

Choyamba kutayika ndi tanthauzo la zimene mwana akumva. Mayi wa ku Chawama, mu Lusaka, amutuma mwana kukagula makala, mwanayo n'kungomuyang'ana. Mayiyo ayesa mwano, mwina n'kumukwapula. Anansi ati wagontha, ena ati Chinyanja cha pakhomo, Chibemba cha anzake ndi Chingelezi cha kusukulu zamusokoneza. Komatu makutu ali bwino, ndipo zilankhulo zambiri sizimulanda mwana mawu amene anawadziwa kale. Vuto lili m'mbali ya ubongo yomasulira mawu: magetsi a mmenemo amasokonekera, makamaka mwana akagona, ndipo m'kupita kwa nthawi kulankhula nakonso kumazirala. Ana ena sagwa n'komwe, choncho palibe amene amaganiza za khunyu. Mwana wotere amalangidwa chifukwa cha matenda, ndipo zimenezi n'zopweteka.

Nanga makolo apite kuti?

Ayambire pa chipatala cha Chawama, apemphe kalata yopita ku chipatala cha ana pa chipatala chachikulu cha UTH. Kumeneko mwana ayezedwe makutu, ayezedwenso ubongo ndi makina a EEG. Kuyezaku kuchitike ali m'tulo, chifukwa ali maso vutoli limatha kubisala. Uzani adokotala mwezi umene mawu anayamba kutayika.

Kodi mankhwala alionse a khunyu angathandize?

Ayi. Carbamazepine ndi phenobarbitone, amene amaperekedwa kwambiri m'makiliniki athu, amathandiza anthu ambiri, koma pa matenda awa akhoza kukulitsa vuto. Madokotala amasankha valproate, levetiracetam kapena clobazam, ndipo nthawi zambiri amawonjezera prednisolone. Musamuleketse mwana mankhwala panokha, poti angakomoke moopsa. Mukaona mawu akuchepa atayamba kumwa, bwererani msanga kuchipatala.

Adzalankhulanso?

Kugwa kumatha pofika zaka 15 mwa ana ambiri. Mawu ndiwo amachedwa: ena amachira, ena amatsala ndi vuto mpaka kukula, makamaka amene anadwala ali aang'ono kwambiri kapena anachedwa kulandira chithandizo. Poyembekezera, mwana asachotsedwe pasukulu. Lankhulani naye pang'onopang'ono mukuyang'anizana naye, muonetseni zithunzi, ndipo aphunzire chilankhulo cha manja, chimene sichimulepheretsa kudzalankhulanso.