Kufunafuna Manda a Asilikari a ku America

 Lero tiyambe taika makasu pansi, ndikuuzeni m'mene anthu a ku America amafunira manda a makolo ao amene anafa pa nkhondo ya paciweniweni ya 1861 mpaka 1865, pamene a Kumpoto anamenyana ndi a Kummwera pa mlandu wa ukapolo.

Kwathu kuno mlendo akafuna manda a mbale wace amafika kwa mfumu, mfumu nkuitana adzukulu. Koma msilikari amafera kutali, naikidwa ndi anthu osamdziwa. Pa nkhondoyo panafa anthu oposa 600,000. Itatha, Boma linafukula mitembo ya asilikari a Kumpoto yoposa 300,000 ndi kuiika m'manda a Boma, koma pafupifupi theka maina ao sanadziwike.

Tsono wofunayo sayambira ku manda iai. Amayamba wadziwa dzina, cigawo cimene munthuyo anacokera, ndi gulu la nkhondo limene analowa, pakuti maina ofanana ngambiri. Ndipo amafunsa ku National Archives ku Washington, nyumba yosungiramo makalata a Boma. Makalata opambana onse ndi a penshoni, cifukwa mkazi wamasiye popempha ndalama anayenera kunena tsiku ndi malo amene mwamuna wace anafera. Akadziwa malo amayang'ana m'mabuku 27 ochedwa Roll of Honor, m'mene Boma linalemba oikidwa ndi manda ao.

Taonani nchito ya kalembera mmodzi. M'ndende ya Andersonville ku Georgia munafa akaidi ngati 13,000. Mkaidi wina, Dorence Atwater, anapatsidwa nchito yolemba akufa, ndipo iye anadzilemberanso mainawo mobisa. M'caka ca 1865 anabwererako pamodzi ndi mai Clara Barton, naika maina pa mitumbira. Osadziwika anangotsala 460 okha. Inu mafumu amene mumasunga buku la mudzi mudziwa kulemera kwace kwa cinthu cotere.

A Kummwera, poti anagonja, Boma silinawasamale. Ambiri anasonkhanitsidwa ndi mabungwe a amai, ndipo makalata ao a penshoni ali ku zigawo zao. Adzukulu a asilikari akuda nawo ali ndi bvuto lao: ambiri mwa makolo ao anali akapolo, analembedwa ndi dzina la mbuye wao, nasintha dzina atamasuka. Otere amafuna munthu mmodzi ndi maina awiri.