Cikope: Ena Acidula Kuti Akongole, Ena Kuti Apenye

Tikamayenda Loweruka masana m'misika ya ku Matero, Chawama kapena Kanyama, timapeza ana athu aakazi atakhala m'masaluni, maso ali citsekere, wina akuwamata nsidze zogula. Ambiri safunsa n'komwe kuti guluuyo ndi wotani. M'mawa mwake ena amadzuka zikope zitatupa, maso ali psuu, koma amangoti zidzatha zokha.

Kumaiko ena afika patali kuposa apa. Mu 1896 dokotala wa ku Japan, Mikamo, analemba za opaleshoni yoika mzere pa cikope capamwamba kuti diso lioneke lalikulu. Lero ku South Korea opaleshoniyi ndi yofala kwambiri pakati pa atsikana. Nthawi zina dokotala amacotsa khungu loposa muyezo, ndipo munthu amalephera kutseka diso bwinobwino. Diso limauma, limapweteka, ngakhale ali m'tulo. Zithunzi za amene zinawayendera bwino zokha ndizo zimafika pa mafoni a ana athu.

Komatu kuno kwathu nakonso zikope zimadulidwa, pa cifukwa cina. Nthenda ya trachoma imafala ndi nchenche, manja ndi nsalu zopukutira kumaso. Ikabwerezabwereza kuyambira pa ubwana, imasiya zipsera mkati mwa cikope. Cikopeco cimapindikira mkati, ndipo nsidze zimayamba kukanda diso nthawi iliyonse munthu akaphethira. Amai ndiwo amavutika kwambiri, popeza ndiwo amakhala ndi ana odwala. Ambuye athu ocokera kumudzi tawaona akuzula nsidze ndi kacitsulo kamene amamanga pa nsonga ya citenje. Zimameranso, ndipo mapeto ake ndi khungu losacizika.

Opaleshoni yowongola cikope cotere sifika ngakhale ola limodzi. Munthu sagonekedwa tulo. Amangomubaya jekeseni pa cikope, ndipo amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Anansi athu a ku Malawi analimbikira nchitoyi pamodzi ndi mankhwala, madzi abwino ndi zimbudzi, kufikira mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti trachoma si vuto la dziko lonse kumeneko.

Ngati m'nyumba mwanu muli nkhalamba yomangokhala m'mthunzi, misozi ili cucucu, musafulumire kunena kuti ndi ukalamba. Penyetsetsani nsidze zawo. Apelekezeni ku cipatala ca m'komboni mwanu. Akaona kuti m'pofunika, adzawatumiza kwa madokotala a maso ku UTH. Mtsikana wotupa zikope uja mumutengenso ulendo womwewo.