Makapisozi Awiri Sanapulumutse Kambuzi Kanga

Anzanga a Fomu 2 mukukumbuka kuti mu June ndinajomba masiku awiri, ndipo nditabwera ndinati ndimadwala mutu. Ndinanama. Inandijombetsa ndi mbuzi. Ena museka, koma mbuzi imeneyi amayi anaiika padera kuti ana ake akakula tidzagulitse, ndalamayo igule yunifolomu, nsapato ndi makope ndikakhoza JCE.

Mbuziyo inabereka ana awiri mu April. Mwera utayamba kunkazizira kwambiri usiku, ndiye khola lathu linayang'ana kunyanja ndipo lili ndi mipata. Kamwana kamodzi kanayamba kutsokomola, mamina ali chuchuchu, kupuma kwake kothamanga mpaka nthiti kumaoneka. Kanasiyanso kuyamwa. Agogo anamasula kansalu kawo natulutsa makapisozi awiri amene anatsala pamene mng'ono wanga ankadwala chaka chatha. Tinasungunula ufa wake m'madzi n'kukamwetsa, mmodzi lero wina mawa. Tsiku lachitatu kanadzuka n'kuyamba kuyamwa. Tinati basi kachira.

Patapita sabata matenda anabwerera ndi ukali. Ndinakagula makapisozi ena awiri pagolosale, koma palibe chinasintha. Ndi pamene amalume anaimbira foni alangizi a ziweto. Pomwe ankafika n'kuti kamwanako katafa, kanzake nakonso katayamba kutsokomola. Alangiziwo anakayeza kulemera, anakabaya jekeseni, ndipo anabweranso kudzamaliza majekeseni onse pa masiku amene anatiuza. Kameneko kali moyo mpaka lero.

Asananyamuke anafunsa agogo mwaulemu kuti, “Agogo, makapisoziwa anatsala bwanji, mwana uja atauzidwa kuti amwe onse?” Agogo anangoyang'ana pansi. Funso limeneli linandivutitsa, ndiye ndinapita nalo kwa aphunzitsi a Biology. Zimene ndinamva kwa iwo ndi kwa alangizi aja ndi zimene ndalemba apa.

Chibayo n'chiyani?

Chibayo ndi matenda a m'mapapo. M'mapapo muli timatumba ting'onoting'ono tolandira mpweya. Tizilombo tikalowamo, timatumbato timadzaza madzi ndi mafinya, n'chifukwa chake wodwala amabanika n'kumapuma mothamanga. Chimagwira anthu, mbuzi, ng'ombe, abulu ngakhale akavalo, ndipo chimakonda ana chifukwa chitetezo cha m'thupi mwawo sichinakhwime. Kuzizidwa, fumbi, khola lonyowa ndi kuthinana zimatsegulira njira tizilomboti.

Tizilombo toyambitsa matenda sitofanana. Pali mabakiteriya ndipo pali mavairasi. Mankhwala amene timangowatchula kuti makapisozi, monga amoxicillin, doxycycline ndi Bactrim, dzina lawo lenileni ndi maantibayotiki. Amapha mabakiteriya. Vairasi saikhudza n'komwe, ngakhale mutamwa paketi yonse.

Tizilombo timasiya bwanji kumva mankhwala?

Ine ndinkaganiza kuti thupi la munthu ndi limene limazolowera mankhwala. Ayi, tosinthato ndi tizilombo.

Ganizirani ukonde. Ukakhala wabwino, nsomba zonse zimene wazinga zimabwera kumtunda. Ukakhala ndi chibowo, zofooka zimakodwa koma zochenjera zimatulukira pachibowopo, ndipo ndi zomwezo zimene zikaswane. M'mapapo a chiweto chodwala muli mabakiteriya mamiliyoni. Ambiri amafa msanga akakumana ndi mankhwala, koma pamakhala ochepa olimba. Mankhwala akakhala olakwika, ochepa mlingo, kapena mukawasiyira panjira, olimba aja amatsala okha, malo ndi chakudya zili mbwee. Mabakiteriya ena amatha kugawikana pawiri pa mphindi 20 zilizonse, ndiye pasanathe masiku mtundu wolimbawo umadzaza. Choopsa china n'chakuti amatha kupatsirana kulimbako, ngakhale ndi mabakiteriya a mtundu wina, ngati mmene timabwerekanirana manotsi.

Za kambuzi kanga alangizi anati zinthu zitatu zinakumana: tinachedwa kuwaitana, mlingo tinangoganizira, ndipo tinasiya mankhwala titangoona kuti kayamba kuyamwa.

Nkhaniyi si yachilendo. Alexander Fleming anatulukira penicillin ku London mu 1928. Polandira mphoto ya Nobel mu 1945 anachenjeza kuti anthu akamamwa mankhwalawa moperewera, tizilombo tidzasiya kuwamva. Tangoganizani, agogo anga asanabadwe n'komwe!

Nawo olemera anagwa m'mbuna yomweyi

Mwina mukuti vutoli ndi la ife osauka amene timagula makapisozi awiriawiri. Aphunzitsi anandifotokozera za ku Kentucky, m'dziko la America, kumene amaweta akavalo a mpikisano. Ine kavalo ndinangomuona pachithunzi, ndimangomva kuti paphiri la Zomba alipo, koma kumeneko kavalo mmodzi amatha kuposa mtengo wa boti la injini ndi maukonde ake.

Ana a akavalo a miyezi yosapitirira isanu ndi umodzi amadwala chibayo choyamba ndi bakiteriya wotchedwa Rhodococcus equi. Bakiteriyayu amakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kamwanako kamamupumira limodzi ndi fumbi. Akafika m'mapapo amabisala m'kati mwa maselo omwe ntchito yawo ndi kumupha, n'kupanga zithupsa za mafinya. Pa khalidwe limeneli amafanana ndi kachilombo ka TB, ndipo ndi pachibale. Mankhwala ambiri safika pamene wabisalapo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 madokotala a ziweto akhala akuphatikiza erythromycin ndi rifampicin, kenako kunabwera azithromycin ndi clarithromycin, ndipo kamwanako kamamwa kwa masabata angapo.

Cholakwika chinabwera chifukwa cha mantha. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mafamu ambiri anayamba kuunika mapapo a ana onse ndi makina a sikani, onga aja amaunikira amayi oyembekezera. Kamwana kalikonse kopezeka ndi kachithupsa kankapatsidwa mankhwala, ngakhale kakudumpha bwinobwino. Pambuyo pake kafukufuku wa ku Germany anaonetsa kuti ana ambiri okhala ndi tizithupsa ting'onoting'ono amachira okha. Koma n'kuti bakiteriya wosamva mankhwala awiri onse aja atayamba kale kupezeka m'mafamu a ku Kentucky, m'ziweto ndi m'dothi momwe. Lero kamwana kodwaladi kakagwidwa ndi mtundu umenewu, mwayi wochira umachepa.

Ndiye mwaona, njira zolakwira zilipo ziwiri. Ife tinapereka mankhwala ochepa kwa chiweto chodwala. Iwo anapereka mankhwala ambiri kwa ziweto zimene sizinkawafuna. Mapeto ake ndi amodzi. Ndipo rifampicin ameneyu ndi mmodzi mwa mankhwala amene odwala TB amalandira m'zipatala zathu zino. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga ife kuno kwa Chembe?

Njira yachiwiriyo timaidziwanso. Chitopa chikalowa m'mudzi, ndani sanaonepo munthu akuthira ufa wa kapisozi m'madzi a nkhuku? Chitopa chimayamba ndi vairasi, ndiye kapisoziyo sachiza kanthu. Amangokalimbitsa mabakiteriya a m'matumbo a nkhukuyo. Chothandiza ndi katemera wa I-2, wodonthezera m'diso, nkhuku zisanadwale. Chimodzimodzi chimfine chathuchi, nthawi zambiri ndi vairasi, koma timathamangira Bactrim.

Zitosi ndi ndowe zimenezo zimapita kuti? Mvula yoyamba ikagwa zimakokolokera kunyanja, komwe timatsuka mbale, kuchapa ndi kusamba. Tizilombo tolimba tija sitisankha kuti uyu ndi munthu, iyi ndi mbuzi.

Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre madokotala anaunika zotsatira za magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti pafupifupi theka la mabakiteriya oyambitsa matenda sankamva mankhwala oyambirira amene tinkadalira, monga penicillin, chloramphenicol ndi Bactrim. Pa dziko lonse lapansi, akatswiri anawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Boma lathu linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli mu 2017, ndipo chaka chilichonse pa 18 mpaka 24 November ndi sabata yokumbutsana za nkhaniyi pa dziko lonse.

Chimene chimandiopsa ine n'chakuti amoxicillin yemwe tinamwetsa mbuzi ndi yemweyo amene amapatsa ana odwala chibayo. Mng'ono wanga ali ndi zaka zinayi. Tsiku lina akadzabanika usiku, mankhwalawo n'kukanika, tidzafunika galimoto yokwera mapiri aja mpaka ku Monkey Bay, mwinanso kupitirira mpaka ku Mangochi. Ndalama yake idzachokera kuti?

Zimene tingachite

Sitingathe kupanga mankhwala atsopano, koma kunyumba ambirife ndi ife timawerengera makolo zolembedwa pa paketi. Tiyambire pamenepo.

1. Chiweto chikayamba kutsokomola ndi kubanika, chipatuleni kwa zinzake ndipo itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula.

2. Mankhwala a anthu asapite kukhola, a kukhola asabwere kwa anthu. Mlingo wa chiweto umatengera kulemera kwake, osati kungoyeza ndi maso.

3. Mukapatsidwa maantibayotiki, imwani monga mwauzidwira. Osasungira wina, osagawana, osagula awiriawiri popanda kuonana ndi a chipatala.

4. Chiweto chobayidwa jekeseni chisaphedwe kapena kukamidwa mkaka masiku olembedwa pabotolo asanathe, chifukwa mankhwalawo amakhala akadali m'thupi mwake.

5. Kupewa kumachepetsa kufunika kwa mankhwala. Khola likhale lam'mwamba, louma, lolowa mpweya koma lotchinga kumene mwera umachokera. Kamwana kayamwe mkaka woyamba uja kakangobadwa, chifukwa muli chitetezo. Ana a anthu alandire katemera yense, kuphatikizapo wa chibayo amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011.

Loweruka lapitali ine ndi amalume tinatchinga khola ndi mabango mbali ya kunyanja. Agogo nawo anamasula kansalu kaja, ndipo mapilitsi akale onse amene munali tinakawasiya kuchipatala. Kambuzi kotsala kaja kakunenepa. Mukapita kunyumba lero, funsani kuti m'kansalu ka agogo anu muli chiyani.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2