Mayina achilendo m'kaundula wa kompyuta: tifufute kapena tisiye?

Amene amagwiritsa ntchito fulashi kuno ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka vutoli akulidziwa. Fulashi yapita koikitsa nyimbo kapena kosindikizitsa kalata, pobwera mafoda onse asanduka mashortcut okhala ndi kamuvi pakona. Munthu amadina poganiza kuti akutsegula foda yake, osadziwa kuti wadzutsa kachilombo. Ngati wadinira pa kompyuta ya mu ofesi, mmene muli magiredi, mayina a olemba mayeso a MANEB ndi za fizi, kapena pa laputopu imene akomiti amasungamo ndalama zosonkha, ndiye kuti nkhani yakula.

Kachilombo kotere kamafuna kuti kompyuta ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso, nako kadzukenso. Kuti izi zitheke, kamadzilembetsa m'kaundula wa Windows wotchedwa Registry. Kaundulayu anayamba ndi Windows 3.1 mu 1992, ndipo pafupifupi pulogalamu iliyonse imene mwaika imalembamo zake. Ali ngati kaundula wa m'kalasi: wophunzira amatha kusamuka koma dzina lake n'kutsala m'buku. Mapulogalamu ambiri akachotsedwa amasiya mayina awo mmenemo, ndipo zotsalazi nthawi zambiri zilibe vuto. Choncho kuona dzina losalidziwa si chifukwa cholifufutira. A Microsoft eniake savomereza mapulogalamu amene amati amasesa Registry, chifukwa amatha kusesa ndi zofunika zomwe, kompyuta n'kukana kuyaka.

Funso lenileni n'lakuti: dzinali likudzutsa chiyani?

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani regedit. Musanakhudze kanthu, pitani pa File, kenako Export, musunge kope. Mukatero tsegulani njira iyi: HKEY_CURRENT_USER\Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Run. Njira yomweyi iliponso pansi pa HKEY_LOCAL_MACHINE. Chilichonse cholembedwa mu Run chimayamba chokha munthu akangolowa mu Windows, ndipo mzere uliwonse uli ndi dzina komanso malo amene fayilo yake ili. Dzina musalikhulupirire kwambiri, chifukwa wolemba kachilombo atha kukatchula Windows Update. Yang'anitsitsani malowo. Pulogalamu yabwino kawirikawiri imakhala mu Program Files, ndipo mukadina fayilo yake ndi batani la kumanja n'kusankha Properties, nthawi zambiri mupeza tsamba la Digital Signatures losonyeza kampani imene inaipanga. Koma mukaona mzere wakuti wscript.exe utsegule fayilo yothera ndi .vbs kapena .js yomwe ili mu Temp kapena AppData, dzina lake lili zilembo zosokonekera, pamenepo tcherani khutu. Komabe si zonse za mu AppData zili zoipa. OneDrive ya Microsoft imatha kukhala komweko.

Chitsanzo chodziwika ndi kachilombo kotchedwa Houdini kapena H-worm, kamene kampani ya FireEye inakafotokoza mu 2013. Kamayenda pa fulashi, kamabisa mafayilo enieni n'kuikapo mashortcut, kamadzilemba mu Run, ndipo kompyuta ikalumikizidwa pa intaneti kamalandira malamulo kuchokera kwa munthu wakutali, amene angathe kutenga mafayilo kapena kuikamo mapulogalamu ena. Ndiye ndi kulakwitsa kuganiza kuti vutoli ndi la mafoda obisika basi. Ngakhale Stuxnet, kachilombo kamene kanadziwika mu 2010 katawononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran, kankafala pa fulashi. Kuno kwathu, mu February 2024, kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata, ndipo Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta a nthambi ya zolowa ndi zotuluka anali atalowereredwa. Sukulu si nthambi ya boma, koma magiredi a Fomu 4 akasowa, kulira kwake n'komweko.

Mukapeza mzere wokayikitsa, musathamangire kuufufuta. Kachilombo kakadali maso kamaulembanso nthawi yomweyo. Yambani mwadula intaneti, tsegulani Task Manager ndi Ctrl, Shift ndi Esc, muimitse wscript.exe. Lembani papepala dzina la mzerewo ndi malo a fayilo, kuti mphunzitsi wa makompyuta adzaone. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Autoruns, imene Mark Russinovich ndi Bryce Cogswell analemba ku Sysinternals, yomwe Microsoft inagula mu 2006. Ubwino wake ndi wakuti imaonetsa malo ena obisalamo, monga Task Scheduler ndi foda ya Startup, ndipo mumangochotsa kachongi pa mzere m'malo moufufuta. Mukalakwitsa, mumabwezerapo kachongiko. Itengeni pa tsamba la Microsoft lokha. Mapulogalamu othyoledwa amene anzanu amagawana mwaulere ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nthawi zina regedit kapena Task Manager zimakana kutseguka n'kunena kuti woyang'anira waziletsa. Ngati aphunzitsi sanaziletse okha, ndiye kuti chinachake chalemba DisableRegistryTools kapena DisableTaskMgr m'kaundula. Apo wophunzira asiye, akauze mphunzitsi.

Mafayilo a pa fulashi aja nthawi zambiri amakhala alipo, angobisidwa. Kompyuta ikayeretsedwa ndi Windows Security kapena pulogalamu ina yophera tizilombo yomwe ndi yatsopano, tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda adzaonekera. Mashortcut ndi fayilo ya .vbs muzifufute osazitsegula.

Kwa akomiti ndi makolo pali mfundo ya ndalama. Microsoft inasiya kutumiza zotetezera za Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo chithandizo cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025, choncho makompyuta akale opatsidwa ndi akufuna kwabwino amafunika kusamalidwa kwambiri. Kompyuta ya mu ofesi ikhale ndi fulashi yakeyake yosayendayenda, mafayilo ofunika azikhala ndi kope lina m'kabati, ndipo ophunzira azilowa ndi akaunti wamba, osati ya Administrator, kuti chimene adina chisathe kulemba mu HKEY_LOCAL_MACHINE.

Ophunzira amene mumazemba n'kulowetsa fulashi mu labu aphunzitsi atatuluka, dziwaninso ichi. Pa HKEY_LOCAL_MACHINE\SYSTEM\CurrentControlSet\Enum\USBSTOR, Windows amalemba mtundu ndi nambala ya mafulashi amene analowetsedwapo.