Thandizo la boma kwa alimi a m'mbali mwa nyanja komwe matauni akukula

Unduna wa Zamalimidwe ukudziwitsa alimi, amalonda ndi anthu onse za thandizo lomwe boma limapereka kwa alimi a m'maboma a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, monga Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga. M'maderawa matauni akukula, malo ogona alendo akuchuluka, ndipo minda yambiri yoyandikira misewu ikuluikulu ikudulidwa mapoloti. Kukula kwa tauni kumabweretsa msika pafupi, komanso kumachepetsa malo olima.

Thandizo lodziwika kwambiri ndi la zipangizo zaulimi zotsika mtengo, lomwe lidayamba mu 2005 ndi dzina la FISP, ndipo mu 2020 lidatchedwa AIP. Mlimi yemwe dzina lake lili m'kaundula amagula feteleza wokulitsa ndi wobereketsa pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Koma kwa banja lomwe latsala ndi kachigawo kochepa ka munda, feteleza yekha sangathetse njala ngati likolola kamodzi pa chaka.

N'chifukwa chake boma likulimbikitsa ulimi wamthirira. Masikimu a mpunga monga Lifuwu ku Salima, Bua ku Nkhotakota, Limphasa ku Nkhata Bay komanso Hara ndi Wovwe ku Karonga adakhazikitsidwa kalekale, ndipo alimi ake amasamalira migula ndi kugawana madzi kudzera m'mabungwe awo. Pomwe madzi akufika bwino, mlimi amatha kukolola kawiri pa munda womwewo.

Kudzera mu pulojekiti ya AGCOM, yomwe imalandira ndalama kuchokera ku Banki Yaikulu Padziko Lonse, magulu a alimi amathandizidwa kugula zinthu monga makina opunthira mpunga kapena kumanga nyumba zosungiramo zokolola. Thandizoli silipita kwa munthu payekha. Gulu limafunika kusonyeza kuti lili ndi ogula odalirika ndi kusonkhako gawo lina la ndalama. Apa ndi pomwe kuyandikira tauni kumapindulitsa, pakuti mahotela, sukulu zogonera konko ndi masitolo amafuna mpunga, ndiwo zamasamba ndi mazira chaka chonse.

Zonsezi zimafuna kuti mlimi akhale ndi munda. Wogulitsa malo amalandira ndalama kamodzi, koma sakhalanso ndi pothira feteleza kapena popatutsira madzi, ndipo ambiri amayamba kubwereka minda kutali ndi kwawo. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake kudzera ku komiti ya zamalo ya m'dera lawo, kuti malire adziwike mkangano usanabuke.

Amalonda akukumbutsidwa kuti ogula zokolola akhale ndi chilolezo, agwiritse ntchito masikelo ovomerezeka ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo asagule motsikira pa mitengo yomwe Unduna umalengeza chaka ndi chaka. Alimi ofuna kudziwa zambiri akaonane ndi alangizi a zaulimi a m'dera lawo kapena apite ku ofesi ya zamalimidwe pa boma lawo.